Mmene Mnyamata Angasiyire Chamba ndi Mowa Asanalowe Usilikali

A Malawi Defence Force akangolengeza kuti akulemba asilikali atsopano, anyamata ambirimbiri amene ali ndi satifiketi ya MSCE amathamangira kukapereka makalata awo, ndipo pakati pawo pamakhala ena amene akhala akusuta chamba kapena kumwa kachasu kuyambira ali ku sekondale. Ambiri mwa anyamata otere amadzitonthoza kuti akangofika ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, mwambo wa usilikali udzawasiyitsa zonse. Makolo ena nawonso amaganiza chimodzimodzi, mpaka kumanena kuti mwana wovuta apite ku usilikali akamuwongole. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo angathe kuwonongetsa tsogolo la mnyamata amene akanakhala msilikali wabwino. Malo ophunzitsirako asilikali si chipatala, ndipo aphunzitsi a kumeneko ntchito yawo ndi kusula munthu amene wabwera ali bwino, osati kuchiza wodwala. Ngati thupi lanu linazolowera chamba, mowa kapena mapiritsi, muyenera kusiya mudakali kwanu, kudakali miyezi yosachepera 3 kuti mupite, ndipo miyezi 6 ndiyo ingakhale yabwino koposa.

Yambani ndi kudziuza zoona

Wosuta aliyense amanena kuti angathe kusiya tsiku lililonse limene wafuna, ndipo ambiri amakhulupiriradi zimenezo. Njira yodziwira ngati zili zoona ndi yosavuta. Pezani kope, ndipo kwa milungu 2 muzilemba nthawi iliyonse imene mwasuta kapena kumwa: ola lake, malo, anthu amene munali nawo, ndalama zimene zapita, komanso chimene chinachitika musanayambe, kaya ndi mkangano wa kunyumba, kusowa chochita kapena ndalama ya ganyu imene inali m'thumba. Musasinthe kalikonse m'milungu imeneyi, muzingolemba. Mukadzawerenga kopelo mudzaona kuti chizolowezi chanu chili ndi maola ake ndi malo ake, ndipo zimenezo ndizo mudzalimbane nazo.

Zizindikiro zosonyeza kuti thupi lagwidwa ndi izi: mukufunika mlingo wochuluka kuposa kale kuti mumve chimodzimodzi, simupeza tulo kapena chilakolako cha chakudya musanasute, munayesapo kusiya koma munabwereranso pasanathe mlungu, ndipo mukupitiriza ngakhale kuti zakudanitsani ndi abale kapena zakulepheretsani mayeso. Akatswiri a zaumoyo amati mwa anthu 10 aliwonse amene amasuta chamba, pafupifupi mmodzi amafika polephera kusiya, koma mwa amene anayamba asanakwanitse zaka 18, ndi mmodzi mwa 6 aliwonse. Anyamata ambiri amene akufuna usilikali anayambira ku sukulu, choncho ali m'gulu lachiwirili.

Pali chifukwa chachikulu chimene sindikufuna kuti muchipeputse. M'zaka za 1969 ndi 1970, dziko la Sweden, limene panthawiyo linkalamula anyamata onse kukachita usilikali, linafunsa anyamata oposa 45,000 amene ankalowa za mankhwala ozunguza bongo amene anagwiritsapo ntchito. Akatswiri anatsatira miyoyo ya anyamatawo kwa zaka 15, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 1987: amene anali atasuta chamba maulendo oposa 50 asanalowe usilikali anadwala matenda a misala otchedwa schizophrenia kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi amene sanasutepo. Ambiri mwa osutawo sanadwale, ndipo n'chifukwa chake mnzanu angakuuzeni kuti agogo ake anasuta fodya wamkulu mpaka kukalamba osapenga. Koma ngati kwanu, kuchimuna kapena kuchikazi, kuli wina amene anadwalapo misala, inuyo muli pa chiopsezo choposa anzanu, ndipo kusagona, kutopa ndi mantha zimene usilikali umabweretsa ndi zinthu zimene zimadzutsa matenda amene anali atabisala.

Ganiziraninso ntchito imene mukuifunayo. Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kum'mawa kwa DRC, kumene ena anafera m'nkhalango za kufupi ndi mzinda wa Beni. Msilikali amene ali pa ulonda m'bandakucha, mfuti ili ndi zipolopolo, akamva tchire likugwedezeka amakhala ndi kamphindi kochepa koti asiyanitse mdani ndi mlimi amene walawirira kumunda. Chamba chimachedwetsa maganizo ndipo chimasokoneza kayezedwe ka nthawi ndi mtunda, ndipo choopsa n'chakuti wosutayo sazindikira. Pa kafukufuku amene anachitika ku yunivesite ya Stanford ku America mu 1985, oyendetsa ndege amene anasuta ndudu imodzi yokha ya chamba ankalakwitsabe poteretsa ndege pa makina oyeserera kuuluka patatha maola 24, pomwe iwo ankadziona kuti ali bwinobwino.

Ngati ndi mowa kapena mapiritsi, yambirani kuchipatala

Apa ndi pamene anthu amafa chifukwa chosadziwa. Munthu amene wakhala akumwa kachasu kapena mowa wa m'timabotolo totsika mtengo tsiku ndi tsiku, makamaka amene amayamba wamwako m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera, sayenera kusiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka ndipo mtima umathamanga. Pasanathe maola 48 ena amagwa n'kumaphupha ngati wodwala khunyu. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezekeratu mutu, thupi limatentha, amaona tizilombo kapena njoka zikuyenda pakhoma, ndipo popanda chithandizo angathe kumwalira. Achipatala ali ndi mankhwala amene amapereka mochepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo, kuti thupi lidutse nyengo imeneyi bwinobwino.

N'chimodzimodzinso ndi mapiritsi a diazepam, tramadol ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene anyamata ena amagula mwachinyengo. Diazepam akasiyidwa mwadzidzidzi angathe kugwetsa munthu ngati wodwala khunyu, ndipo tramadol angathe kugwetsa ngakhale munthu akumwabe. Mlingo wa mankhwala otere uyenera kutsitsidwa ndi wachipatala.

Pitani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu ndipo mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a mu ubongo. Iwo akaona kuti vuto ndi lalikulu angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital. Achipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi chithandizo cha anthu amene akufuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mukafika musazungulire. Nenani kuti, "Adokotala, ndimamwa kachasu tsiku lililonse kuyambira chaka chakuti, ndikapanda kumwa manja amanjenjemera, ndipo ndikufuna kusiya." Tengani kope lanu lija, chifukwa mlingo wa mankhwala amene akupatseni udalira kuchuluka kwa zimene mumamwa, ndipo mukachepetsa chifukwa cha manyazi mudzalandira chithandizo chosakwanira. Manyazi oopa kuonedwa pa khomo la chipatala cha odwala maganizo ndi amene amabweza anyamata ambiri, koma ndi bwino kuonedwa pamenepo lero kusiyana n'kudzabwezedwa ku maphunziro mutasokonezeka mutu anzanu onse akuona.

Kusiya chamba: mwezi woyamba

Kusiya chamba sikupha munthu, koma kumawawa, ndipo amene sanauzidwe zimene zidzachitike amaganiza kuti akudwala n'kubwereranso. Sankhani tsiku, uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo usiku wa tsiku limenelo lisanafike tayani chamba chonse chimene chatsala pamodzi ndi mapepala oyengera. Musasunge kena kalikonse ponena kuti n'kodzithandizira zikavuta, chifukwa zidzavutadi ndipo mudzakasuta.

Zizindikiro zimayamba pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, ndipo zimafika pachimake m'mlungu woyamba. Mudzapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, nsima idzakukanikani, mutu udzawawa, ndipo usiku mudzagubuduka pamphasa mpaka atambala kulira, zovala zitanyowa ndi thukuta. Tulo tikabwera mudzalota maloto oopsa ooneka ngati zenizeni, chifukwa chamba chimapondereza gawo la tulo limene munthu amalota, ndiye chikachoka malotowo amabwera mwamphamvu. Zonsezi ndi umboni wakuti ubongo ukubwerera m'malo mwake. Zambiri zimatha pakadutsa milungu 2, ngakhale kuti vuto la tulo limatha kupitirira mwezi. Pofika milungu 4, mbali za ubongo zimene chamba chinafooketsa zimakhala zitayambanso kugwira ntchito pafupifupi ngati kale, ndipo mudzaona kuti mukukumbukira zimene mwawerenga.

Chibaba chimabwera mwamphamvu koma sichikhalitsa, nthawi zambiri chimazilala pasanathe theka la ola. Chikakugwirani, imirirani n'kuchoka pamalo pamene muli, imwani madzi, yendani mwandawala, kapena gwirani ntchito ya manja monga kuwaza nkhuni kufikira chitadutsa. Muzidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, phala, nthochi, mbatata, mtedza, ngakhale pamene simukumva njala. Muzidzuka ola lomwelomwelo tsiku lililonse ngakhale mutagona mochedwa, ndipo musagone masana, chifukwa mukatero tulo ta usiku sitidzabwerera msanga. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kulowetsa mowa kapena mapiritsi ogonetsa m'malo mwa chamba kuti apeze tulo, ndipo amathera m'vuto loposa loyamba lija.

Ngati m'masiku amenewa muyamba kumva mawu a anthu amene palibe, kukhulupirira kuti anthu akukulondani kuti akupheni, kapena kuganiza zodzipha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo limodzi ndi mbale wanu. Zimenezo sizili m'gulu la zizindikiro zongodikira kuti zithe zokha.

Malo ndi anzanu

Kope lanu lija lidzakuonetsani kuti simusuta paliponse. Pali kuseri kwa golosale inayake, pali kudambo, pali siteji ya kabaza, pali shabini, ndipo pali anthu atatu kapena anayi amene mumakhala nawo nthawi zonse. Mphamvu ya malo ndi anthu pa chizolowezi ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo umboni wake unachokera kwa asilikali omwe. Pa nkhondo ya ku Vietnam, pafupifupi msilikali mmodzi mwa 5 aliwonse a ku America anagwidwa ndi chizolowezi cha mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin kapena opium. Katswiri wina, Lee Robins, anatsatira asilikali amene anabwerera kwawo mu 1971, ndipo anapeza kuti mwa amene anali atagwidwa, pafupifupi mmodzi yekha mwa 20 ndiye anagwidwanso m'chaka choyamba atafika kwawo. Atachoka kumalo kumene mankhwalawo anali otsika mtengo ndiponso kumene aliyense ankawagwiritsa ntchito, ambiri anasiya. Koma Robins anapezanso kuti amene anali kale ndi mbiri ya mankhwala ndi mowa asanalowe usilikali ndiwo anagwa kwambiri ali kunkhondo, ndipo ndiwonso anavutika kusiya. Chimene mnyamata walowa nacho ndi chimene chimamutsatira.

Choncho sinthani njira imene mumadzera, ndipo ngati n'kotheka pitani mukakhale kwa amalume kapena kwa achemwali anu kudera lina kwa miyezi iwiri yoyambirira. Ngati simungachoke, konzani mawu oyankha pasadakhale, chifukwa mnzanu akakutambasulirani ndudu yoyaka kale mulibe nthawi yoganiza. Mawu afupiafupi ndiwo amagwira ntchito: "Achimwene, ine ndinasiya, ndikukonzekera usilikali." Musafotokoze zambiri, musawalalikire, ndipo musakhale pansi kuti muzingocheza nawo iwo akusuta. Adzakusekani kwa mlungu umodzi kapena iwiri, ena adzakunenani kuti mwayamba kudzimva, koma ena mwa iwo adzabwera mwamseri kudzafunsa mmene mwachitira.

Ndalama nazonso ndi msampha. Tsiku limene mwalandira ya ganyu ndilo loopsa kwambiri, choncho m'miyezi yoyambirira muzipereka ndalamazo kwa mayi anu kapena kwa munthu wamkulu uja kuti azikusungirani, n'kumatenga zokhazo zimene muli nazo ntchito tsiku limenelo.

Konzani thupi

Maola amene munkathera posuta ayenera kudzazidwa, ndipo mwayi wanu ndi wakuti chimene usilikali umafuna ndi chomwenso chimathandiza kusiya. Yambani ndi kuyenda mwandawala kwa mphindi 30 m'mamawa, kenako muzisakaniza kuyenda ndi kuthamanga, ndipo muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono mlungu uliwonse, osati kuthamanga makilomita 10 tsiku loyamba n'kudzipweteka mawondo. M'milungu yoyambirira mudzatsokomola kwambiri ndi kutulutsa makhololo akuda, chifukwa mapapo amakhala akudziyeretsa. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, makamaka ngati mukuonda ndi kutuluka thukuta usiku, kayezetseni TB. Fodya wamba musiyenso ngati mungathe, chifukwa ambiri amayenga chamba posakaniza ndi fodya, ndipo ndudu imodzi imadzutsa chibaba cha zonse ziwiri. Kumbukiraninso kuti ku Salima ndi kunyanja, kotentha kwambiri, ndipo thupi limene lauma ndi mowa limakomoka msanga likathamangitsidwa padzuwa litasenza katundu.

Malamulo ndi kuyezedwa

Anyamata ena amanena kuti chamba chinaloledwa. Lamulo la Cannabis Regulation Act la mu 2020 linangololeza kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta kapena kupezeka nacho popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act, ndipo munthu amene khoti linamupeza wolakwa amakhala ndi mbiri imene imamutsekera khomo la ntchito za chitetezo. Kachamba kochepa kopezeka m'thumba pa rodibuloko kangathe kufafaniza zaka zonse zimene munathera pa sukulu.

Aliyense wolowa usilikali amayezedwa m'thupi ndi achipatala. Amene akufuna kulowa gulu lankhondo la Britain, monga amachitira Amalawi ena pokhala nzika za Commonwealth, adziwe kuti kumeneko asilikali amayezedwa mkodzo mosawachenjeza, ndipo wopezeka ndi mankhwala nthawi zambiri amachotsedwa ntchito. Mphamvu ya chamba, yotchedwa THC, imasungika m'mafuta a m'thupi n'kumatuluka pang'onopang'ono, motero amene anasuta kamodzi amapezeka nayo kwa masiku pafupifupi 3, pomwe wosuta tsiku ndi tsiku angapezeke nayo ngakhale patatha masiku 30. Musataye ndalama pa zitsamba kapena zakumwa zimene ena amati zimatsuka magazi, chifukwa palibe chimene chimachotsa THC m'mafuta kupatula nthawi. Ndipo ngakhale wina atadutsa poyezedwa mwachinyengo, chibaba ndi kusowa tulo zidzamupeza m'mlungu woyamba wa maphunziro, pamene akudzutsidwa usiku ndi kukalipiridwa, ndipo mnyamata wopsa mtima msanga amene wayankha mphunzitsi mwachipongwe kapena kumenya mnzake sakhalitsa.

Kwa inu makolo ndi amalume

Mwana akakuuzani kuti akufuna kusiya, tsiku limenelo si lomukumbutsa mbuzi imene anagulitsa kapena fizi imene anadya. Mufunseni kuti amagwiritsa ntchito chiyani, kangati, ndiponso kuyambira liti, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Mumuperekeze kuchipatala, mumusungire ndalama, ndipo mupirire ukali wake wa m'milungu iwiri yoyambirira podziwa kuti ukutha. Kumumanga, kumumenya kapena kumutsekera m'nyumba sikuchotsa chizolowezi, ndipo kwa womwa mowa kwambiri kumutsekera kungamuphe, monga tafotokozera kale. Mapemphero ndi uphungu wa abusa kapena a shehe zimalimbikitsa mtima ndipo zipitirire, koma ziyendere limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Abambo amene amafika kunyumba ataledzera usiku uliwonse adziwe kuti mwana sangasiye mosavuta m'nyumba imene botolo lili patebulo.

Akaterereka n'kusutanso, musanene kuti zonse zapita pachabe. Ambiri amene anasiyiratu anagwapo kamodzi kapena kangapo. Khalani naye pansi, muone chimene chinachititsa tsiku limenelo, kaya ndi maliro, ukwati kapena kukumana ndi mnzake wakale, ndipo ayambirenso mawa lake lomwelo.

Mukalembedwa

Nthawi ya maphunziro imateteza munthu chifukwa alibe ufulu ndiponso alibe mpata. Chiopsezo chimabwera pambuyo pa perete womaliza, pamene msilikali watsopano watumizidwa ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe ku Zomba kapena ku Moyale ku Mzuzu, malipiro oyamba ali m'manja, ali kutali ndi makolo, ndipo anzake akumukokera ku mowa kuti asangalalire kumaliza. Tchuthi choyamba kumudzi n'choopsanso, chifukwa anzanu akale aja adzafuna kuti bwana msilikali awagulire. Konzeranitu kuti gawo la malipiro lizipita ku banki kapena kwa makolo tsiku lomwe lalowa, ndipo pezani msilikali wamkulu wosamwa amene mungamayende naye. Mukaona kuti chibaba chabwerera, kapena mwabwera kuchokera kunkhondo ndipo simukugona popanda kumwa, kalankhuleni ndi dokotala wa asilikali kapena m'busa wa pa baraki nkhaniyo isanafike kwa akuluakulu ngati mlandu.

Ngati chilengezo cholemba asilikali chatuluka inu musanathe ngakhale mwezi umodzi chisiyireni, kapena manja akunjenjemerabe m'mawa, musapite ulendo umenewo. Werengani malire a zaka amene alembedwa pa chilengezocho, muone ngati mudzakhale mudakali m'kati mwa malirewo ulendo wotsatira, ndipo miyezi ya pakatiyo muigwiritse ntchito pomaliza chithandizo, kuthamanga ndi kukonza makalata anu.